Kodi Catsopano Cizibwera Kangati? Mkangano wa Osewera Minecraft Ndi Wathunso

Kuyambira mu caka ca 2024 pali mkangano pakati pa anthu osewera sewero la pa kompyuta ndi pa foni lochedwa Minecraft. Ambiri a ife makolo sitinaumvepo, koma pakati pa ana athu a sukulu, maka-maka amene ali ndi mwai wogwira foni yamakono, alipo amene amaudziwa bwino. Mkanganowo wagona pa funso ili: kodi eni ake a sewerolo aziikamo zatsopano kamodzi pa caka, zambiri nthawi imodzi, monga anali kucitira kale, kapena azibweretsa pang'ono-pang'ono pakapita miyezi itatu iliyonse? Wina angadabwe kuti nkhani yotere ifuna ciani pa tsamba lowerengedwa ndi alimi ndi akhristu a m'maparishi. Tiyankha kuti foni imene mwana aseweretsa kawiri-kawiri ndi ya atate kapena amai ake, ndipo ndalama yogulira intaneti icokera m'thumba lomwelo locokeramo ya mcere ndi sopo. Kuposa apo, mkanganowu uonetsa poyera cizolowezi cimene cili kulowa m'mitima ya ana athu, cosakhutira ndi cimene ali naco lero cifukwa ca cimene alonjezedwa mawa.

Tiyambe ndi kufotokoza sewero lenilenilo, kuti amene sanalionepo atsatire bwino. Mu Minecraft dziko lonse ndi lopangidwa ndi timabokosi tonga njerwa: dothi, miyala, mitengo, ngakhale madzi. Wosewera amayamba wopanda kanthu m'manja. Amadula mtengo, napanga nkhwangwa ndi khasu, nakumba miyala, namanga nyumba dzuwa lisanalowe, pakuti usiku kumabwera zilombo. Amalima tirigu, karoti, maungu, mavwende ndi nzimbe, naweta ng'ombe, nkhumba, nkhosa ndi nkhuku. Sewerolo silitha monga mpira umene woyimbira amauimitsa pakatha mphindi 90. Munthu angathe kusunga dziko lake limodzi zaka zambiri, namaonjezera nyumba, minda ndi milatho. Ndico cifukwa cake osewera amakhudzidwa kwambiri eni ake akasintha kanthu. Kwa iwo zili monga mlendo wabwera kudzasintha malamulo a m'mudzi umene anaumanga ndi manja ao.

Amene analiyambitsa ndi Markus Persson wa ku Sweden mu caka ca 2009, ndipo linatulutsidwa lathunthu mu November 2011. Kampani yake ya Mojang, ya mu mzinda wa Stockholm, inagulidwa ndi Microsoft ya ku America mu 2014 pa mtengo wa madola 2.5 biliyoni. Mu October 2023 kampaniyo inalengeza kuti sewerolo linali litagulidwa koposa ka 300 miliyoni. Kalembera wa 2022 anapeza kuti m'Zambia muli anthu 19.6 miliyoni, tsono onani kukula kwake kwa msika umenewu. Munthu amalipira kamodzi pogula sewerolo, ndipo zoonjezera zimene zibwera pambuyo pake salipiranso.

Kwa zaka zingapo mwambo unali wakuti coonjezera cacikulu cibwere kamodzi pa caka, ndipo cinali kulengezedwa miyezi yambiri cisanafike. Mu 2018 anadzaza nyanja za m'sewerolo ndi nsomba ndi zombo zomira. Mu 2019 anamanganso midzi yake. Mu June 2020 anasinthiratu dziko lamoto lochedwa Nether. Osewera ambiri akumbukira zaka zimenezo ndi cimwemwe. Komabe mwambowo unali ndi bvuto lake. Mu October 2020 kampaniyo inalonjeza coonjezera cochedwa Caves & Cliffs, ca mapanga akulu ndi mapiri atali. Pofika April 2021 inabvomera kuti siingathe kumaliza pa nthawi yake, cifukwa nchito inali yaikulu, anchito anali kugwirira kunyumba m'masiku a mliri wa Covid-19, ndipo sinafune kuwaumiriza kugwira usana ndi usiku. Coonjezeraco cinagawidwa pawiri, mbali ina mu June ndi ina mu November 2021. Cilombo cochedwa Warden cinafika mu June 2022. Kathumba kosungiramo tinthu tosiyana-siyana, kamene kanalonjezedwa mu 2020, kanafika mu October 2024, patapita zaka zinai. Ziphaniphani zimene zinaonetsedwa mu 2021 monga cakudya ca acule zinacotsedwa, eni ake atauzidwa kuti ziphaniphani zenizeni zingathe kupha acule. Osewera anayamba kudandaula kuti kampani yolemera cotere ilonjeza zambiri ndi kubweretsa zocepa, ndiponso mocedwa.

Mu September 2024 Mojang inalengeza njira yatsopano, yobweretsa zoonjezera zazing'ono kangapo pa caka. Inathetsanso voti ya caka ndi caka, pamene osewera anali kusankha colengedwa cimodzi mwa zitatu, zina ziwirizo n'kusiyidwa. Voti ya 2023 inali itakwiyitsa ambiri kotero kuti anthu masauzande mazana angapo anasaina pempho lakuti ithe. Mu December 2024 kunabwera nkhalango yotuwa yokhala ndi cilombo cake. Mu 2025 zoonjezera zinabwera zinai. Ca mu March, cochedwa Spring to Life, cinabweretsa mitundu yatsopano ya ng'ombe, nkhumba ndi nkhuku, ina ya kumalo otentha ndi ina ya kozizira, pamodzi ndi citsamba ca ziphaniphani zija. Ca mu June, Chase the Skies, cinabweretsa colengedwa couluka cimene osewera anai angakwere pamodzi. Ca mu September, The Copper Age, cinali ca mkuwa. Ca mu December, Mounts of Mayhem, cinabweretsa mkondo ndi nyama ya m'nyanja yokwerapo.

Okonda njira yatsopanoyi ali ndi mfundo zomveka. Coyamba, amati malonjezo tsopano amasungidwa, pakuti cinthu cimalengezedwa citatsala pang'ono kutha kukonzedwa. Caciwiri, anchito a kampaniyo ndi anthu, ali ndi mabanja, ndipo sayenera kusenzetsedwa katundu wa caka conse kuti amutule tsiku limodzi. Cacitatu, zinthu zakale zimene zinaiwalika zapeza ozikumbukira. Citsanzo cake ndi mkuwa, ndipo ife a dziko la mkuwa tingamwetulire pomva zimenezi. Unalowa m'sewerolo mu 2021, koma kwa zaka zinai nchito yake inali yocepa, monga kumangira, kupanga ndodo yokoka mphezi ndi galasi loonera patali. Mu 2025 osewera anayamba kusula nkhwangwa, makasu ndi zida zankhondo zamkuwa, ndipo kamunthu kamkuwa kolongedza katundu m'mabokosi, kamene kanagonja pa voti ya 2021, kanalowa m'sewerolo. Iwo amati ukasonkhanitsa zonse za caka cimodzi upeza kuti sizicepa. Pang'ono-pang'ono ndi mtolo.

Odandaula naonso salankhula zopanda pake. Amati coonjezera cacing'ono umaciona conse madzulo amodzi, ndipo mawa lake waciiwala. Aliponso anthu ambiri aluso, ocita mwaulere, amene amapanga zoonjezera zao-zao zochedwa mamodi, ndi ena osamalira mabwalo a pa intaneti ochedwa maseva, pamene osewera ambiri amakumana m'dziko limodzi. Kampani ikasintha sewero, anthu awa ayenera kukonzanso nchito yao kuti igwirizane ndi zatsopanozo. Kale anali kucita zimenezi mokulira kamodzi pa caka, koma tsopano asanamalize kukonza cimodzi cina cafika kale. Pali bvuto linanso. Malo atsopano, monga nkhalango yotuwa ija, saoneka m'dera limene wosewera anayendamo kale. Amamera kokha kumene sanapondeko. Motero munthu amene wasunga dziko lake zaka zisanu ayenera kuyenda ulendo wautali kusiya mudzi wake kuti aone catsopano, kapena kuyamba dziko lina. Ndipo dandaulo lao lalikulu ndi lakuti cisangalalo coyembekezera cinthu cacikulu catha.

Tidziwenso kuti Minecraft ili ndi mitundu iwiri. Wa pa kompyuta wochedwa Java umalola munthu kusankha kukhala pa sewero la caka cimene akonda. Alipo ambiri amene anatsalira pa la 2014 cifukwa sanakonde kamenyedwe ka nkhondo kamene kanasinthidwa mu February 2016, ndi ena pa la 2017 cifukwa ca mamodi ake ambiri. Koma mtundu wa pa foni, wochedwa Bedrock, umene ana athu ambiri angaufikire, supereka ufulu wotero mosabvuta. Kuti mwana asewere pamodzi ndi anzake, sewero lake liyenera kufanana ndi lao. Anzake akalowetsa catsopano, iye amatsekeredwa kunja kufikira naye atalowetsa.

Nanga ife tiima pati? Tiweruze monga alimi. Tonse tidziwa kuti mvumbi umalowa bwino m'nthaka kuposa cimvula camkokomo cimene cimakokolola mizere ndi kusiya zigwembe m'munda. Pa mfundo imeneyi okonda zazing'ono ali ndi coonadi, ndipo osewera amene anali kulira kuti zatsopano zicedwa ayenera kukumbukira kuti walira mvula walira matope. Koma tidziwanso kuti mvumbi ukapitirira masiku ambiri osakata, mlimi salowa m'munda kukapalira, udzu umakula ndipo cimanga cimasanduka cacikasu. Mbeu ifuna mvula, ifunanso masiku adzuwa pakati pake. Feteleza timathira kawiri, wa D Compound pobzala ndi wa Urea cimanga cikafika m'maondo. Palibe mlimi wanzeru amene amathira sabata iliyonse kuti anansi aone kuti ali pa nchito. Nthawi yothira imauzidwa ndi mbeu. Tsono ife tibvomereza kuti kubweretsa pang'ono cinthu comalizidwa bwino kuposa kulonjeza phiri losatha. Koma funso lenileni, limene odandaula aligwira ngakhale ena a iwo salichula bwino, ndi ili: ndani amene akonza kalendala imeneyi, ndipo ithandiza yani?

Apa tiyenera kulankhula mosabisa. Zoonjezera ndi zaulere, inde, koma mkati mwa sewero la pa foni muli msika. Kuyambira mu 2017 osewera angathe kugula zobvala za kamunthu kao, maiko okonzedwa kale ndi zina zotero, ndi ndalama ya m'sewero yochedwa Minecoins imene imagulidwa ndi ndalama yeniyeni. Palinso malo osewerera ndi abwenzi ochedwa Realms amene amalipiridwa mwezi ndi mwezi. Mwana amene analeka kusewera sagula kanthu. Koma mwana amene aitanidwa kubwerera miyezi itatu iliyonse kudzaona ng'ombe yatsopano amadutsa pakhomo pa sitolo kanai pa caka m'malo mwa kamodzi. Sitinena kuti malonda ndi chimo. Nafenso timagulitsa nshawa ndi thonje, ndipo timakondwera wogula akabweranso. Cimene tinena ndi cakuti wogulitsa, ngakhale akhale waulemu cotani, sangakhale ndiye woyang'anira nthawi ya mwana wathu.

Kuno kwathu nkhaniyi ili ndi mtengo wake umene osewera a ku Sweden kapena ku America sauona. Caulere cimeneco cimadza kupyolera pa intaneti, ndipo intaneti timagula. Nthawi iliyonse pamene catsopano cafika, mwana amafuna bandulo kuti acilowetse m'foni, ndipo akalephera amatsala yekha anzake akusewera. Mafoni ambiri m'manyumba mwathu ndi akale, malo ake osungira zinthu ndi ocepa, ndipo sewero limene likulira-kulira limayamba kucedwa ndi kutenthetsa foni. Pamapeto pake mwana amayamba kulira foni yatsopano. Tikumbukirenso caka ca 2024, pamene cilala cinaononga cimanga m'zigawo zambiri, madzi anacepa ku Kariba, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Ambiri anali kulipira kuti acajitse foni pa sola ya mnansi. Foni imeneyo ndiyo yolandirira ndalama kucokera kwa ana a ku tauni, yofunsira mtengo wa mbeu ndi yoitanira thandizo mai woyembekezera akadwala usiku. Batire yake ikathera pa kuona nkhumba yatsopano ya m'sewero, banja lonse lataya kanthu.

Koma cimene citidetsa nkhawa koposa ndalama ndi cimene odandaula aja acichula pomaliza, kutha kwa kuyembekezera. Ife akhristu tiyenera kumvetsa dandaulo limeneli kuposa wina aliyense, pakuti caka ca Eklezia cinamangidwa pa kudikira. Tisanafike pa Khrisimasi timadutsa masabata anai a Adventi. Tisanafike pa Pasaka timadutsa masiku 40 a Lenti, ndipo nyengo yonseyo sitiimba Aleluya pa Misa. Ndico cifukwa cake usiku wa Pasaka liu limenelo likamveka, chalichi conse cimagwedezeka ndi nthungululu. Ndipo mbali yaikulu ya caka ndi masabata wamba, pamene wansembe abvala zobiriwira, popanda cacilendo ciliconse koma kukula m'cikhulupiriro mwakacete-cete monga mbeu m'munda. Makolo athu anadziwanso nzeru yomweyi. Mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni umacitika kamodzi pa caka, mu February, pamene mfumu yaikulu Mpezeni ilawa zipatso zoyamba za m'munda. Kulamba ku Mkaika kumacitika kamodzi pa caka, mu August. Phwando la sabata iliyonse limasanduka nsima ya masiku onse. Mwana amene wazolowera kulandira catsopano asanatope ndi cakale adzabvutika kudikira miyezi inai kuti cimanga cice, zaka zambiri kuti amalize sukulu, kapena tsiku la ukwati wake.

Tisamveke ngati tikana masewera a ana. Pakati pa masewera onse a pa foni, Minecraft ndi limodzi la amene aphunzitsa mwana kumanga, kuwerengera, kusunga ndi kugwirizana ndi anzake. Mu March 2025 oyang'anira chalichi cacikulu ca Petro Woyera ku Vatican, pamodzi ndi Microsoft, anatulutsa cifaniziro ca chalichico mu Minecraft ya m'masukulu, kuti ana aphunzire mbiri yake posewera. Tilinso ndi citsanzo ca Carlo Acutis, mnyamata wa ku Italy amene anabadwa mu 1991, namwalira mu 2006 ali ndi zaka 15 ndi matenda a khansa ya m'magazi, ndipo Papa Leo XIV anamulengeza kukhala woyera pa 7 September 2025. Carlo anali katswiri wa kompyuta ndipo anali kukonda masewera a mtundu umenewu, koma anadziikira yekha malire a ola limodzi pa sabata. Sanataye sewero, ndiponso sanalole sewero kumuuza nthawi yoseweretsa. Kalendala inali m'manja mwake.

Sitiganiza kuti akulu-akulu a ku Stockholm adzawerenga tsamba lino. Akadawerenga, tikadawapempha kuti akumbukire ana a mafoni akale ndi intaneti yodula, kuti alole wa pa foni kukhala pa sewero lake lakale monga alolera wa pa kompyuta, ndi kuti nthawi zina apumule osabweretsa catsopano, angokonza zimene zinaonongeka. Koma amene tingawafikire ndi inu makolo anzathu, ndipo kwa inu tili ndi mau anai. Coyamba, khalani pansi ndi mwana akuonetseni dziko limene wamanga. Mudzadziwa zimene acita, ndipo iye adzaona kuti cimene anamanga kale cili ndi mtengo pamaso panu. Caciwiri, tsekani pa foni njira imene imalowetsa zatsopano yokha popanda kufunsa, kuti bandulo isathe usiku inu muli m'tulo. Cacitatu, gwirizanani ndi makolo a anzake a mwana wanu, kaya pa msonkhano wa kagulu kanu ka cikhristu kapena pa sukulu, kuti ana onse azilowetsa zatsopano nthawi imodzi, monga pa holide. Akatero palibe amene adzatsekeredwa kunja, ndipo adzakhala ndi cinthu coyembekezera pamodzi. Cacinai, musalumikize ndalama zanu za pa foni ku msika wa m'sewero, ndipo mwana adziwe kuti foni ya banja iyamba yagwira nchito za banja.

Ndipo inu ana athu amene musewera, mukamakangana ndi anzanu kuti cabwino ndi cacikulu ca pa caka kapena zazing'ono za kawiri-kawiri, dzifunseni funso limodzi. Kodi munatsegula sewerolo lero cifukwa muli ndi nyumba imene mufuna kumaliza, kapena cifukwa wina wa kutali waliza belu? Ngati ndi nyumba, imalizeni bwino, kenaka muike foni pansi mukathandize kukhola ndi kudimba. Ngati ndi belu, dziwani kuti lidzaliranso pakapita miyezi itatu, ndipo palibe cimene mudzataya mukalisiya lilire. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mulungu adalitse mabanja athu, ndipo atipatse mvula yabwino pa nthawi yake.